Tsiku Limene Adzukulu Analanda Mbande Zanga

Tadala ndi iwe Yamikani, khalani pansi, ngakhale ndikudziwa kuti pomadzawerenga izi mudzakhala mutatalika kundiposa. Nkhani zotere amakamba ndi anthu a imvi. Ine imvi ndilibe, kupatula imodzi ija Tadala anaipeza n'kuizula osapempha. Koma mayi wanu ndine wamantha, mukundidziwa. Mmodzi wa inu akatsokomola kawiri, ine ndayamba kale kufunsa amene ali ndi njinga yabwino yopitira kuchipatala. Ndiye ndati ndisadikire ukalamba umene palibe anandilonjeza. Ndinene lero, inu mudzauze ana anu.

Kuno kwa Chikwesa, kuseri kwa Chulu, ine sindinabadwireko. Kwathu ndi ku Santhe, pafupi ndi msewu, kumene bambo anga anali ndi kagolosale. Ndinaphunzira za ntchito za mu ofesi ku koleji, setifiketi ndinatenga, koma ofesi yake sinapezeke. Amene anapezeka ndi bambo anu. Atanditenga chitengwa ndinafika m'mudzi wa nyumba zowerengeka, zigafa zoyanikamo fodya zochuluka kuposa nyumba, ndi dambo lalitali kumunsi kwake. Akuluakulu amati makolo a mudzi uno anasamutsidwa kalekale kuchokera kumene kuli nkhalango ya nyama tsopano. Anayenda limodzi ndi mabanja ena amene anakamanga kutsidya kwa dambo. Kuyambira pamenepo, kuno kukagwa maliro, okumba manda ndi kusamala zonse amachokera kutsidya, ndipo kutsidya kukagwa maliro adzukulu ake ndife.

Anthu anandilandira bwino, ndisaname. Koma ndikafika pakhomo la munthu ankathamangira kundipatsa mpando, akazi anzanga ali pamphasa. Inu muziti ndi ulemu. Ndi ulemu ndithu, koma wa mlendo. Pachitsime ndikafika, nkhani inkasintha n'kukhala ya mvula. Ndinkabwerera kunyumba ndikudzifunsa ngati ndaseka molakwika, ngati ndapereka moni mofulumira, ngati ndowa ndasenza mwachitauni.

Iwe Tadala usanayambe kukwawa, bambo ako anapita ku Joni kukasaka ganyu. Anandisiyira munda wolima kale mizere, nazale ya fodya kudambo, ndi mawu oti a malume awo adzandithandiza.

A malume amenewo ndi a Phiri, mlongo wawo wa agogo anu aNaphiri. Inu simunawaone, Tadala yekha anawakodzera pamwendo. Anali bambo wamasiye, woonda, wa jekete lakuda ndi chipewa cha mlaza ngakhale dzuwa liswe mtengo. Njinga yawo inalibe mabuleki. Ankaimitsa pokanikiza chidendene pa tayala la kumbuyo, moti nsapato zawo zonse zinkatha mbali imodzi. Pa ulimi sanali katswiri, fodya wawo ankabwezedwa ku okushoni kawirikawiri, koma pakamwa anali ndi munda wachonde. Ndi iwo okha m'mudzi muno amene ankandiseka pamaso. Ankanditchula kuti a Kalaliki. Ankati boma linalakwitsa kunditumiza kuno popanda tebulo.

Zinali zaka za makuponi a pepala ogulira feteleza. Lero mumaona anthu akupita kudepoti ndi chitupa cha unzika n'kukagona pamzere podikira netiweki. Nthawi imeneyo kunali kapepala, ndipo timapepalato sitinkakwana. Mudzi uno unagwirizana kuti kuponi imodzi izikhala ya makomo awiri, thumba likabwera muzigawana. Ine anandiphatikiza ndi a Phiri. Tinalawirira limodzi ku Chulu, thumba tinabwera nalo pa njinga yopanda mabuleki ija, iwo akukankha kutsogolo, ine ndikugwira kumbuyo potsetsereka, Tadala ali kumsana. Titafika anayala chiguduli pabwalo n'kutenga mbale. Mbale imodzi kwa iwo, imodzi kwa ine. Koma pakapita kanthawi ankatunga ina n'kuthira mbali yanga, amvekere iyi ndi ya Tadala, nayenso ndi nzika. Nditakana anandiuza kuti a Kalaliki asamawerenge zinthu kunja kwa ofesi.

Boma linkati feteleza ameneyo ndi wa chimanga. Ifenso tinkavomera. Koma munda wa chimanga ndi wa fodya unali woyandikana, ndipo dzanja likatopa silisankha mzere.

Nazale simuidziwa inu, mwakula bambo anu atasiya fodya n'kuyamba soya ndi mtedza. Tinkaunjika mapesi pa mabedi n'kutentha kuti udzu ndi tizilombo zife. Mbewu ya fodya ndi yaing'ono ngati fumbi, tinkaisakaniza m'madzi n'kuthirira, kenako kuphimba ndi udzu wouma. Zikatero ndiwe kapolo wa chitsime, m'mawa ndi madzulo, miyezi ya dzuwa yonse. Keni yathu yothirira inkadontha, a Phiri ankaimata ndi sopo, sopoyo n'kusungunuka tisanafike pa bedi. Iwe Tadala ndinkakukhazika pa chitenje pamthunzi, ndipo dothi limene unadya kudambo kuja likanakwana kuumbira mphika. Ndiye usamakwinye nkhope ndi therere lero.

Chaka chimenecho mvula inachedwa. Zitsime zinatsika, anthu ambiri mbande zawo zinapserera, ndipo bedi langa limodzi mbuzi zinalowamo mpanda utagwa. Ndinatsala ndi bedi limodzi, longokwana munda wanga, popanda zotsala. Wopempha kwa mnzake panalibe, aliyense ankayang'ana zake. Fodya ameneyo ndiye anali chimanga chathu cha chaka chamawa, sopo, ndi ulendo wa kuchipatala mwana akadwala. Bambo anu ku Joni anali asanapeze pogwira.

A Phiri anali atayamba kutsokomola. Anasiya kupita kudambo, mabedi awo ndinkathirira ndine. Tsiku lina masana kumwamba kunada mbali ya kunkhalango. Ndinawapititsira phala pakhonde pamene anagona, ndipo atayang'ana mitambo anati:

"A Kalaliki, ikagwa yamphamvu musandidikire. Mukazule m'mamawa dothi likadali lofewa, muwokere tsiku lomwelo. Zanga ndidzawokera ndikadzuka."

Inagwadi. Kutacha, pabwalo ponse panali mapiko a ngumbi, ndipo fungo la dothi linkalowa mpaka m'nyumba. Ndinabereka mwana, kutenga beseni lalikulu lochapira, n'kutsikira kudambo anthu asanatsekule zitseko. Ndinazula bedi lonse. Mbande zinali zokongola, zonenepa ngati chala chaching'ono, mizu yodzaza dothi. Ndinaziyala m'beseni, kusenza, n'kuyamba kukwera mtunda ndikuimba nyimbo ya kwaya. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni kuno ndinkadziona ngati mlimi.

Ndili pamphambano, pamene njira ina imapita kuminda ina kumudzi, ndinamva mfuu. Anali mawu a agogo anu aNaphiri, akuitana dzina la mlongo wawo. Kulira kwa maliro sikufanana ndi kulira kwina kulikonse. Munthu sufunsa.

Tsono mvetsani, ana inu. M'mudzi mukagwa maliro, khasu siligwiridwa mpaka munthu ataikidwa. Sulima, subzala, suwokera. Wochita zimenezo amati waonetsa kuti womwalirayo ndi galu kwa iye, ndipo tsiku limene zidzamuonekere pakhomo pake adzukulu angathe kudzakhala pansi osakumba. Nanga mtengwa, wa setifiketi, amene anthu akumukayikira kale kuti ndi wodzimva? Koma mbande yozulidwa nayo sidikira. Mizu yake ili pamtunda, dzuwa likatuluka imafota, ikagona m'beseni imatenthana yokhayokha n'kuwola. Kubwezera pa bedi sikutheka, nakonso ndi kugwira dothi. Mabedi a a Phiri anali atasanduka katundu wa womwalira, wosakhudzidwa mpaka abale atameta n'kukhala pansi.

Ndinaima pamphambano paja beseni lili pamutu, khosi likuwawa. Munda unali pafupi, kuseri kwa mitengo ya mango. Ndinaganiza kuti ndikathamanga nditha kuwokerako mizere ingapo anthu asanandifune. Ndinaganizanso za mbale ija ya Tadala. Miyendo inasankha yokha. Ndinalowa m'mudzi cha kuseri, kuika beseni kumbuyo kwa bafa yanga, kuliphimba ndi chitenje chonyowa, n'kupita kusiwa.

Uthenga unapita kwa mwana wawo wa a Phiri amene ankagwira ntchito pa esiteti ina cha ku Chamama, ndipo zinamveka kuti kuika ndi mawa masana. Ndinakumbukira beseni lija kuseri kwa bafa. Kunja mitambo inali itabalalika, dzuwa lawala ngati mvula sinagwepo.

Adzukulu anafika dzuwa litakwera. Amuna anapita kukaona malo kumanda, akazi anagwira za moto ndi madzi. Mtsogoleri wa akaziwo anali aNangozo, mayi wamkulu thupi, wa mpata kumano, mawu ake omveka kutsidya kwa dambo ngakhale akunong'ona. Ku Santhe ndinkangomva kuti adzukulu amachita zachipongwe pamaliro, koma bambo anga ankatiletsa kuyandikira. Apa ndinadzionera. Anagwira nkhuku za anthu osapempha. Analowa m'nkhokwe ya mwana wa mfumu ngati yawo. Kenako aNangozo anatulukira atavala jekete lakuda lija, losatheka kumanga mabatani, chipewa cha mlaza chili pamutu, atakwera njinga ya malemu. Anazungulira bwalo, kukanikiza chidendene pa tayala, n'kuima pakhomo pa siwa. Anasuzumira m'kati, kundiyang'ana ine, n'kunena ndi mawu enieni a a Phiri:

"A Kalaliki, mwadzuka bwanji? Tebulo lija silinabwerebe?"

Nyumba yonse inaseka, misozi ili m'masaya. Agogo anu anaseka mpaka kutsokomola, kenako analira kwambiri kuposa poyamba. Inenso pamenepo ndi pamene ndinaliradi. Ndinazindikira kuti munthu yekhayo wonditchula dzina limenelo wapita.

Sipanapite nthawi, ndinamva phokoso panja. ANangozo anali atapita kuseri kwa nyumba yanga kuthamangitsa nkhuku, ndipo anabwerako atasenza beseni langa, chitenje chikulendewera. Analitsitsa pakati pa bwalo, anthu onse akuona.

"Eni maliro akulira, wina wabisa ndiwo kuseri kwa bafa," anatero.

Ndinatuluka mogwada, manja ali pamodzi. Ndinati si ndiwo, mayi, ndi mbande, ndipo ndinazula ndisanamve za zovutazi.

"Imfa nayonso yabwera isanamve za mbande zanu. Zagwidwa izi, n'za adzukulu."

Ndinayesa kufotokoza kuti ndi bedi lokhalo, kuti bambo a mwanayu kulibe, koma anali atasenza kale, akuyenda monyang'wa ndi jekete la malemu, anzawo akuwomba m'manja pambuyo. Ndinabwerera m'siwa n'kukhala pafupi ndi agogo anu. Ndinawanong'oneza kuti andipepesereko. Anangondigwira dzanja n'kunena kuti za adzukulu salowererapo, ndikhale pansi ndilire a malume.

Ndinakhala. Amayi a mvano ankaimba, ine ndikuyang'ana pakhomo mmene dothi la pabwalo likusinthira mtundu, kuchoka pakuda kupita potuwa. Ndikuuzeni zoona, misozi yanga ya masiku amenewo inali yosakaniza. Ina inali ya a Phiri, ina ya beseni. Ndinkachita manyazi ndi zimenezo, n'kumaliranso chifukwa cha manyaziwo. Ndinkaona m'maganizo mbande zanga zitatayidwa kudzala, mbuzi zikununkhiza. Ndinkakonza mawu okauza bambo anu pafoni. Ndinafika poganiza zolongedza n'kubwerera ku Santhe maliro akatha, ndisanasanduke nthano ya pachitsime.

Mawa lake mwana wa malemu anafika, mwambo unachitika, tinaperekeza a Phiri kumanda. Pobwera tinasamba m'manja panjira, a mfumu anathokoza anthu n'kuwamasula. Ine ndinangopita kunyumba kukakhala pakhonde ndi Tadala, wopanda mphamvu ngakhale yosonkha moto.

Ndinaona aNangozo akubwera ndi anzawo awiri. Jekete anali atavula. Anakhala pansi osadikira kupatsidwa pokhala, n'kunena kuti abwera kuti ndiwombole katundu wanga, adzukulu sasunga zinthu za eni kwaulere. Ndinafunsa ngati pali chotsala choti munthu n'kuwombola.

"Nkhuku kaye, make Tadala. Mafunso pambuyo."

Ndinali ndi tambala mmodzi, wofiira, amene amayi anga anandipatsa pobwera kudzaona mwana. Ndinamuthamangitsa kuzungulira chigafa, pansi pa nkhokwe, mpaka m'bafa, amayi atatu aja akundilangiza ali chikhalire, wina amvekere ku koleji sanaphunzitse zimenezi. Nditamugwira anamumanga miyendo ndi luzi, aNangozo n'kumukolekera m'khwapa, n'kundiuza kuti ndiwatsate.

Tinatsikira kudambo, mbali ya kwawo. Pansi pa mtengo wa katope, pamene madzi sauma, panali masamba a nthochi atayalidwa. ANangozo anawachotsa ndi phazi. Munali kangalande kosaya, ndipo mbande zanga zinali zitandandalikidwa m'menemo, mizu ili m'matope, masamba ali obiriwira, madontho a madzi akadali pamwamba. Wina anali atazithirira m'mawa womwewo. Khasu la mdzukulu lokha ndilo limaloledwa kugwira dothi pa tsiku la maliro, ndipo aNangozo atachoka pabwalo paja analibwereka kwa amuna awo asanapite nalo kumanda.

Ndinakhala pansi m'matope momwemo. Ndinafunsa chifukwa chimene sanandiuzire, munthu ndinatsala pang'ono kufa ndi mtima.

"Ndikanakuuzani, tambalayu ndikanamudya bwanji?" anatero aNangozo.

Dzuwa linali litapendeka ndipo pamwamba pa mizere panali patauma. Ndinkati ndiwokera ndekha mpaka pamene ndingafike. Koma aNangozo anaima pamtunda n'kukuwa mayina, a kuno ndi a kutsidya, ndipo amayi amene anali asanavule n'komwe zitenje za kumaliro anatulukira ndi ndowa. Ena ankatunga kudambo, ena kuthira madzi m'mapando, ena kuika mbande n'kutsendera ndi zala. Panalibe woimba, tinali titangochoka kumanda. Kunkamveka ndowa zokha, ndi tambala wanga amene anamugoneka m'mphepete mwa munda, akudandaula. Mayi wina anandilanda Tadala n'kumubereka, amvekere ndikuchedwetsa mzere.

Agogo anu aNaphiri sankayenera kugwira ntchito, anali namfedwa. Anabwera n'kukhala pansi pa mango kuonerera. Nditapita kukawapatsa madzi akumwa ndinawauza kuti dzulo ndinkaganiza kuti anthu andichititsa manyazi dala chifukwa ndine wobwera. Anandiyang'ana ndi maso otupa aja.

"Mlendo samulanda kanthu, make Tadala. Adzukulu amalanda kwa eni maliro."

Ndinabwerera pa mzere wanga, ndipo mbande zingapo pamenepo ndinaziwokera mokhota chifukwa sindinkaona bwino.

Tinamaliza kusanade. Kutacha ndinathamangira kumunda, ndipo ndinapeza fodya yense wagona chafufumimba pa mizere, masamba ali lende ngati nsanza. Ndinabwerera ndikulira kwa agogo anu kuti zonse zafa, tavutitsa anthu pachabe. Iwo ali pamphasa ya maliro anandiuza kuti fodya wowokera amayamba wagona, ndisiye kumuyendera ngati wodwala. Sindinamvere. Ndinkapita m'mawa ndi madzulo, kugwada, kuyang'ana pamtima pa mbande iliyonse. Kenako kunagwa kamvula ka mawawa, ndipo m'mawa wina ndinapeza timasamba tapakati taimirira, mzere ndi mzere, mpaka kumapeto kwa munda.

Zina zinafa ndithu, makamaka za m'mphepete. Abale atameta, mwana wa a Phiri anati mabedi a bambo ake agawidwe kwa onse amene minda yawo inali ndi mipata, ndipo ine ndinapakiza ndi zomwezo. Fodya wa chaka chimenecho sanali wodabwitsa. Koma tinathyola, tinasoka, chigafa chinadzaza mbali imodzi, ndipo njala ya chaka chotsatira inadutsa pakhomo pathu osakhala pansi. Iwe Yamikani unabadwa bambo ako atabwerako, m'nyumba ya malata imene inayambira pa fodya ameneyo, ndiye usamanyoze fungo la chigafa ukamadutsa kwa anzako.

Masiku ano zinthu zikusintha. Anyamata ali pa njinga zamoto, ena akuti zochita za adzukulu n'zachikale, maliro azikhala aulemu ngati a m'tauni. Mwina pamene muzidzakula mudzakhala ku boma kapena kutali kuposa apo, ndipo mudzabwera kuno ndi nsapato zoyera ndi ana osadziwa njira ya kudambo. Ine mantha anga ndi amenewo tsopano.

Choncho ndikupempheni chinthu chimodzi. Tsiku langa likadzafika, kaya ndili ndi imvi kaya ndilibe, mudzandiike kuno. A kutsidya adzabwera. Mudzaona mayi wina atavala diresi langa la kutchalitchi, akugwira ana a eni pachipumi kuti aone ngati atentha thupi, akufunsa aliyense ngati chitseko watseka. Musadzakwiye. Akadzalowa m'khola, musadzabise nkhuku yonenepa. Ndipo akadzakulandani kanthu inuyo, ngakhale nsapato zoyerazo, mudzawombole mosanyinyirika.